Diso linkathawira kunja, pano lalowa m'kati: kodi opaleshoni yalakwika?

Mayi wina wa ku Rosettenville kuno ku Johannesburg wandilembera imelo. Mwana wake wazaka 6 anali ndi diso lomwe linkathawira kunja, makamaka akatopa kapena akamayang'ana patali. Padutsa masiku 8 chichitireni opaleshoni, ndiye pano disolo lapendekera chakumphuno ndipo mwanayo akuti akuona zinthu ziwiriziwiri. Agogo ake kumudzi ataona chithunzi pa WhatsApp akuti madokotala amuwonongera mdzukulu.

Amayi, mtima m'malo. Zomwe mukuonazo nthawi zambiri madokotala amachita kuzifuna.

Diso lililonse limayendetsedwa ndi timinofu 6. Pa opaleshoniyi salichotsa diso ayi, ngakhale anthu amatero. Dokotala amamasula kamnofu kokokera diso kunja n'kukasokerera cham'mbuyo kuti kachepe mphamvu, ndipo nthawi zina amafupikitsanso kokokera m'kati. Vuto ndi lakuti diso lotere limakonda kubwerera komwe linazolowera pakamapita miyezi ndi zaka. N'chifukwa chake madokotala ambiri amakondwa likayamba lapitirira pang'ono chakumphuno, kuti pobwerera lidzaime pakati. Kuona ziwiriziwiri kumachokera pomwepo, ndipo kwa ana ambiri kumatha pakangopita masabata ochepa. Zotsatira zenizeni amaziyeza pakatha masabata 6 mpaka 8. Kufiira nakonso kumachedwa kutha, ulusi womwe anasokera umasungunuka wokha.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine n'china. Ambirife kuno tsiku lopanda ntchito ndi tsiku lopanda ndalama, ndiye mwana akasiya kulira timajomba tsiku lomwe anatiuza kuti tibwerere kuchipatala. Chonde apempheni abwana msanga. Kwa mwana wamng'ono, diso likakhalitsa m'kati ubongo umayamba kulinyalanyaza ndipo limafooka. Dokotala akaziona msanga amatha kumamata diso limodzi kapena kupereka magalasi apadera. Ana ena amafunika opaleshoni yachiwiri patsogolo, izi ndisakubiseni.

Koma musadikire tsikulo ngati ululu ukukula, chikope chatupa kwambiri, mukutuluka mafinya, thupi latentha, mwana sakuona bwino, kapena diso likukanika kutembenukira mbali imodzi. Bwererani komwe anachitira opaleshoni tsiku lomwelo, apo ayi thamangirani ku St John Eye Hospital ku Baragwanath, ku Soweto.

Mankhwala odontheza m'diso aja musadumphitse, ndipo mwanayo asasambire m'dziwe kufikira dokotala atalola. Agogo muwatumizirenso chithunzi china mwezi wamawa ukamatha.