Alamu akuti palibe munthu amaimba ali pa mavuto

Achemwali ena andilembera imelo sabata yatha. Akuti amakonda mafilimu anyimbo, aja anthu amangoyamba kuimba ndi kuvina nkhani ili mkati, koma akangoika imodzi abambo a kunyumba amanyamuka n'kukakhala pakhonde. Abambowo akuti n'zachibwana, chifukwa palibe munthu wamutu wake amene amaimba ali pa mavuto. Ndiye akufunsa kuti mafilimu anyimbo oposa onse chiyambire kanema ndi ati, mwina akawaonetsa wabwino mmodzi mtima ungatembenuke.

Achemwali, ndikuyankhani, koma mundilole ndipse mtima kaye. Mawu a alamu angawo ndinayamba kuwamva ndili wa kabudula, ndipo mpaka lero amandiyabwa.

Kwathu pamsika panali vidiyo sho. Kanyumba ka malata, mazenera otseka ndi makatoni, mabenchi a matabwa osapala, jenereta ikulira kuseri, sipika ili pakhomo kuti amene alibe ndalama azimva zimene akuphonya. Pabolodi ankalemba ndi choko filimu ya tsikulo, ndipo nthawi zambiri inali ya nkhonya ndi mfuti. Mwa apo ndi apo pankabwera kaseti ya Chimwenye. Anthu ankadzaza ndithu, poti Amwenye nawonso amadziwa kumenya. Koma kangoti ng'oma yalira, mtsikana wayamba kuthamanga m'munda wa maluwa, anyamata akumbuyo ankayambapo: "Dumphitsa! Dumphitsa! Tabwerera ndewu ife!" Mwini wake, posafuna kutaya makasitomala, ankadina batani. Pagalasi pankadzaza mizere, ovina n'kumaphiriphitha mwaliwiro, nyimbo yonse kutha mpweya usanakoke kawiri.

Ndiye taonani zotsatira zake. Nyimbo isanayambe, mtsikana uja amadana naye mnyamatayo, mwina wamuwomba ndi mbama. Kaseti ikayambiranso, awiriwo agwirana manja, akulumbira kuti adzafera limodzi. Omwe aja ankakuwa kuti dumphitsa n'kuyamba kudandaula kuti mafilimu a Amwenye alibe mutu, munthu angakonde bwanji mnzake mwadzidzidzi chonchi. Chikhalirecho chikondicho chinamera m'nyimbo imene tadumphayo. Ndi mmene mtsikanayo anayang'ana koyamba, n'kuzemba, n'kuyang'ananso. Ine ndinkakhala kutsogolo, khosi lili m'mwamba, osayankhula, chifukwa mnyamata wofuna nyimbo m'nyumba imeneyo akanasekedwa mpaka kusukulu. Masiku ano matenda omwewo ndimawaona kwa anyamata ena otanthauzira mafilimu m'Chichewa: nyimbo ikayamba, iwo ndiye amapezerapo mpata wopereka moni kwa anzawo a kudera.

Kenako kunabwera Sarafina! Nyumba yomweyo, mabenchi omwewo, anyamata omwewo. Palibe anakuwa. Filimuyi inatuluka mu 1992, ikufotokoza za ana a sukulu a ku Soweto pa nthawi ya tsankho, mzimu wake ukuchokera pa zipolowe zimene zinayamba pa 16 June 1976 ana atakana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Inayamba ngati sewero la Mbongeni Ngema ku Market Theatre ku Johannesburg mu 1987, n'kupita ku Broadway, kuchimake kwa zisudzo ku New York, chaka chotsatira, ndipo Hugh Masekela anathandiza kupeka nyimbo zake. Leleti Khumalo ndiye Sarafina, Whoopi Goldberg ndi mphunzitsi, Miriam Makeba ndi mayi ake a Sarafina amene akugwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu. Muli malo amene ana aja akuika maliro a anzawo owomberedwa, mabokosi ali ndandanda, ndiye n'kuyamba kuimba ndi kudumpha pamandapo. Ndinacheuka. Mkulu wina amene ankatsogolera gulu la dumphitsa anali atagwira pakamwa ndi chipewa. Miyezi yotsatira kunalibe sukulu ya kwathuko imene pa zisangalalo zotsekera teremu panalibe atsikana ovina za Sarafina.

Tsono alamu akamati palibe woimba ali pa mavuto, ndikufuna ndiwafunse kuti maliro amagona kuti. Ife timachezera kuimba usiku wonse mtembo uli m'nyumba, mpaka mawu kusasa. Amayi pamtondo ankaimba zimene sakanatha kuwauza apongozi pamaso. Nthano zimene anatiuza agogo, tikuvomera kuti tili tonse, zikafika pothina penipeni, mwana waponyedwa m'dzenje kapena wamezedwa ndi chilombo, mwanayo amaimba, ndipo tonse tinkayankha nyimboyo. Sindinamvepo mwana akuuza agogo kuti dumphitsani. Munthu wa kwathu kuno ndiye woyenera kumvetsa filimu yanyimbo kuposa wina aliyense. Amene akuti n'zachibwana wangotengera maganizo a mafilimu a mfuti, aja amati mwamuna akavutika azingoluma mano.

Ndiye muyeso wanga ndi uwu, ndipo sindisuntha: chotsani nyimbo. Filimu ikatsala yathunthu, ndiye kuti nyimbozo zinali zokongoletsa chabe, ndipo alamu ali ndi ufulu wokakhala pakhonde. Ikasanduka yopanda mutu ngati ija ya ku vidiyo sho, mwapeza filimu yeniyeni yanyimbo.

Mukafufuza pa intaneti, mndandanda umene umabwera kawirikawiri ndi wa bungwe la American Film Institute wa 2006, wa mafilimu 25. Pamwamba pali Singin' in the Rain ya 1952, kenako West Side Story ya 1961, The Wizard of Oz ya 1939, The Sound of Music ya 1965 ndi Cabaret ya 1972. Chimene anthu amaiwala pougawana n'chakuti bungwelo linkasankha mafilimu a ku America okha. Si mlandu wawo, anali kuwerenga za m'nkhokwe yawo. Mlandu ndi wa amene amaukopera n'kulemba pamwamba kuti oposa onse pa dziko lapansi, ngati India kulibe. Filimu yoyamba yolankhula ya ku India, Alam Ara ya 1931, inali kale ndi nyimbo 7, ndipo kuyambira pamenepo kanema wa dzikolo sanasiye kuimba.

Komabe nambala wani uja, Singin' in the Rain, sindimutsutsa. Nkhani yake ndi ya mu 1927, chaka chimene The Jazz Singer inaonetsa Hollywood kuti kanema angathe kutulutsa mawu, ndipo akatswiri a mafilimu osalankhula anayamba kunjenjemera. Muli mayi wotchuka wokongola koma wa mawu obaya m'makutu, ndiye kampani ikubisa mtsikana wina kuti aziimba m'malo mwake. Gene Kelly akavina mumsewu mvula ikukhuthuka, ambulera ili m'manja koma osafunda, akuponda dala m'zithaphwi mpaka wapolisi kumuyang'ana ndi diso loipa, mumadziwa kukula kwa chimwemwe chake popanda wina kukuuzani. Choseketsa n'chakuti filimu yodzudzula kubisa oimbayi nayonso inabisa woimba. Debbie Reynolds, amene anali ndi zaka 19, ndiye mtsikana woimbira mnzake uja, koma m'nyimbo ina mawu amene mukumva ndi a Betty Noyes.

Nkhani yobisa oimbayi imandiwawa kwambiri. Panali mayi wina, Marni Nixon. Mukamamva Deborah Kerr akuimba mu The King and I ya 1956, ndi iye. Natalie Wood mu West Side Story, ndi iye. Audrey Hepburn mu My Fair Lady ya 1964, ndi iyenso. Dzina lake silinalembedwe pa mafilimu onsewo. Nkhope yake inadzaoneka mu The Sound of Music, atavala za usisitere pakati pa masisitere anzake, kwa kanthawi kochepa. Ku India nako ochita sewero ambiri saimba okha, koma kumeneko sabisa. Woimbira kuseri amadziwika, amalemekezedwa, nthawi zina kuposa wovinayo. Lata Mangeshkar atamwalira mu February 2022, boma la India linalengeza masiku awiri olira dziko lonse. Ndiye wina adzandiuze kuti amene amadziwa mtengo wa nyimbo mu kanema ndi Hollywood.

The Sound of Music ndiye mundikhululukire, achemwali, poti ndikudziwa kuti a kwaya ambiri amaikonda, mwina inunso. Inawina ma Oscar 5, mphoto zazikulu za kanema ku America, Julie Andrews amaimba mosakayikitsa, mapiri a ku Salzburg ndi okongola. Koma shuga wachuluka. Banja lenileni la von Trapp, limene filimuyi ikufotokoza, silinathawe chipani cha Nazi pokwera mapiri wapansi, linakwera sitima ya pamtunda kupita ku Italy, ndipo mapiri a kufupi ndi Salzburg mukawadutsa mumatulukira ku Germany komweko kumene ankathawa. Bodza la njira silindivuta kwenikweni. Chimandivuta n'chakuti m'filimuyi nyimbo ndi ya anthu abwino, munthu akangoonekera kuti ndi woipa saimbanso.

Cabaret inakana bodza limenelo. Bob Fosse anaika nkhani yake ku Berlin mu 1931, Hitler asanatenge boma. Pali malo amene anthu akumwa mowa panja kumudzi, dzuwa likuwala, ndiye mnyamata wa nkhope yosalakwa n'kuyamba kuimba kanyimbo kofewa ka chilengedwe. Kamera ikutsika pang'onopang'ono kuchoka pankhope kufika pamkono, ndipo pamkonopo pali chizindikiro cha Nazi. Mtsikana wina akuimirira n'kulowa m'nyimbo. Bambo wina. Mayi wina. Nyimbo ikulimba, nkhope zikuuma, pafupifupi onse aimirira, kupatula nkhalamba imodzi imene yakhala pansi ikugwedeza mutu ndi chikho chake. Palibe mfuti yalira, koma ine sindinaonepo filimu ya nkhondo yoopsa kuposa mphindi zimenezo. Ife amene tinaona amayi athu akutengedwa m'malole kukavinira atsogoleri sitifunika kutanthauziridwa. Filimuyi inatenga ma Oscar 8 m'chaka chimene The Godfather inatenga mphoto ya filimu yopambana zonse, ndipo Fosse ndiye anawina ya wotsogolera bwino, osati Coppola amene anatsogolera The Godfather.

Ndiye woposa onse ndi uti?

Kwa ine ndi Mughal-e-Azam ya 1960, ya K. Asif, imene inamutengera zaka zoposa khumi kuti aimalize. Mwana wa mfumu Akbar, Salim, wakonda Anarkali, wovina wa kunyumba ya mfumu. Atate ake akukana, mtsikanayo akumangidwa unyolo n'kuponyedwa m'ndende. Kenako akumutulutsa kuti avine pamaso pa mfumu, poganiza kuti wagonja. M'chipinda chokutidwa ndi timagalasi tambirimbiri, Madhubala, amene ndiye Anarkali, akuvina, mawu ndi a Lata Mangeshkar, nyimbo inapekedwa ndi Naushad, ndipo zimene akuimbazo ndi kuuza mfumu m'maso kuti sakuopa. Wantchito sangatsegule pakamwa kutsutsa mfumu pabwalo, akanadulidwa asanamalize chiganizo. Koma anamulamula okha kuti aimbe, ndiye ayenera kumumvera mpaka kumapeto, nkhope yake ikuoneka m'galasi lililonse, mfumu ikufufuma ndi ukali. Gawo lalikulu la filimuyi linali lakuda ndi loyera, koma gule ameneyu anamujambula ndi mitundu, ndipo filimu yonse anadzaipaka mitundu mu 2004. Chotsanipo nyimbo imeneyi muone ngati patsala Anarkali.

Pali ena amene anaganiza kuti bwanji osangoimba zonse. Jacques Demy wa ku France anatero mu Les Parapluies de Cherbourg ya 1964, nyimbo za Michel Legrand. Mawu aliwonse ndi oimba, ngakhale makanika akamakambirana za injini ku galaja. Mphindi zoyamba mumaseka. Pofika pamene mnyamata wa ku galajako akuitanidwa ku nkhondo ya ku Algeria n'kusiya chibwenzi chake, Catherine Deneuve, ali ndi pakati, mumakhala mutaiwala kuti akuimba. Inawina Palme d'Or, mphoto yaikulu ya chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes. Ndipo South Africa inachitanso zofananako ndi U-Carmen eKhayelitsha, imene inatenga Carmen, sewero loimba (opera) la Bizet, n'kuiimba m'Chixhosa m'komboni ya ku Cape Town, Pauline Malefane ali Carmen. Inawina Golden Bear, mphoto yaikulu ya chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin, mu 2005, koma funsani anthu khumi okonda kanema kwathu kuno ngati anaionapo. Timadziwa za ku Salzburg kuposa za apa pafupi. Zimenezinso zimandinyansa, monganso zimandinyansira kuti Stormy Weather ya 1943 sipezeka pa mndandanda wa 25 uja. Nkhani yake ndi yopyapyala, ndikuvomera kuti pa muyeso wanga siipambana, koma abale awiri akuda aja, a Nicholas Brothers, akamatsika masitepe modumphana mitu, aliyense kugwera pansi miyendo ili tang'a n'kudzuka osagwira pansi, munthu umafuna kuimitsa filimu n'kubwereza.

Za alamu tsopano. Musayambe ndi The Sound of Music, mudzawataya pa nyimbo yoyamba. Ayambitseni West Side Story ya 1961, ija inatenga ma Oscar 10: muli magulu awiri a anyamata a mumsewu ku New York, muli mipeni, anthu amafa, ndipo ndewu ndi gule sizisiyana. Akaipirira, Sarafina! kenako Cabaret, koma ziwirizi ana akhale atagona, muli zoopsa ndi za akuluakulu. Mughal-e-Azam ndi yopitirira maola atatu, isungireni Loweruka lopanda ukwati, ndipo mupeze yokhala ndi mawu olembedwa pansi omasulira nyimbo zomwe, chifukwa makope ena amamasulira zolankhula zokha. Rimoti ikhale kwa inu.