Mchemwali wanga akuti nyama imapatsa khansa, ndimumvere?

FUNSO: Aunt, mchemwali wanga wabwera kuchokera ku Joni atasiyiratu nyama, mazira, ngakhale usipa amene. Akuti nyama imapatsa khansa komanso nkhuku zimazunzidwa, mavidiyo amene wandionetsa pa foni ine mpaka nseru. Pano akuti mwana wanga wa zaka 2 ndisamampatse dzira. Nditani? Mayi wa ku Ndirande.

YANKHO: Mayi, mchemwali wanuyo sakunama zonse ayi koma waphatikiza nkhani. Mu 2015 a IARC, bungwe lofufuza za khansa lomwe lili pansi pa WHO, ananena kuti nyama zokonzedwa ku fakitale ngati soseji, polony ndi bacon zimayambitsadi khansa ya m'matumbo, ndipo munthu akamadya magalamu 50 tsiku ndi tsiku chiopsezo chimakwera ndi 18 peresenti. Ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba anangoti ikukayikitsa kwambiri, umboni sunakwanire. Nkhuku, dzira ndi usipa sizinali m'gulumo n'komwe. Nanga pa Ndirande ndi angati amadya soseji daily, poti ambirife nyama timaiona malipiro akatuluka basi?

Anthu osadya nyama amakonda kutchula kafukufuku wa a Adventist ku Loma Linda, ku America, kuti a mpingowu osadya nyama amakhala moyo wautali, zoona, koma anthu ajatu sasuta komanso samwa mowa ndiye kunena kuti ndi nyama yokha n'kovuta.

Za kuzunza ziwetozo zilipodi, osatsutsa. Nkhuku zoyera zija zimaphedwa pa masabata 6 zitanenepa mwachangu mpaka miyendo kukanika kuzinyamula, ndipo ku European Union analetsa timakhola tothinana kwambiri ta nkhuku zoikira mu 2012. Koma sitifunika vidiyo ya kunja kuti tione nkhanza, tangoimani pamsewu m'mawa muone nkhuku khumi zitapachikidwa mitu pansi pa handulo ya njinga, kapena mbuzi itamangidwa ndi mphira pa kaliyala ikulira dzuwa lili phwee. Zimenezo ndiye ine zimandipweteka, ndipo a LSPCA, bungwe loteteza zinyama ku Lilongwe, akhala akuzidandaula.

Pa mwanayo ndiye musamumvere. Vitamini B12, yemwe amapezeka mu nyama, mazira ndi nsomba, sapezeka mu nyemba kapena bonongwe, ndipo kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 osakwana zaka 5 kuno kwathu ndi opinimbira. Dzira mpatseni, usipa sinjani muthire m'phala. Mchemwaliyo ndi wamkulu, adye masoya pisi ake mwamtendere bola azimwa mapilisi a B12.