Khama, kulimbikira ndi kupirira si mawu amodzi

Mwa makalata amene ndalandira mwezi uno, atatu akukhudza nkhani ya ntchito ndi thukuta, ndiye ndawamanga mtolo umodzi.

Yoyamba yachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Ulongwe m'boma la Angónia kuno ku Mozambique, amene amaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi. Iwo akuti: "Ndikawauza ana kuti amasulire mawu a Chipwitikizi akuti esforço ndi perseverança, ena amalemba khama, ena kulimbikira, ena kupirira. Kodi ndiwachonge onse?"

Aphunzitsi, musafulumire kuwachonga onse. Mawu atatuwa ndi apachibale ndithu, koma aliyense ali ndi khomo lake.

Khama ndi dzina, ndipo limakhala m'kati mwa munthu. N'chifukwa chake timati "ali ndi khama", "ndi wakhama", "wachita khama", "amagwira ntchito mwakhama". Taganizirani mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano m'mwezi wa Juni, kukuzizira koti zala zikukanika kugwira mpini, iye n'kudzuka tambala woyamba kupita kudimba anzake akadali m'bulangete. Chimene chamudzutsacho ndiye khama. Palibe wamukakamiza, palibe kapitawo wamuimirira kumbuyo. Esforço ameneyo ndi khama, mwana amene walemba choncho mupatseni malikisi ake.

Kulimbikira ndi mneni wochokera ku tsinde lakuti limba. Chinthu chimalimba, munthu amalimbika, amalimbikira chinthu, ndipo mnzake amamulimbikitsa. Mawu amenewa amafuna nthawi. Munthu angathe kuchita khama tsiku limodzi, mawa n'kugwa ulesi, koma sitinganene kuti walimbikira ulimi atalima m'mawa umodzi wokha. Wolimbikira ndi uja amene chaka chatha mvula inamudulira chimanga chikumasula, chaka chino wabzalanso. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Kachilomboka sikapita patali kakadumpha kamodzi, koma sikaleka. Perseverança yayandikira kwambiri pamenepa. Dziwaninso kuti kulimbikira kuli ndi tanthauzo lachiwiri, lakuti kuumirira: "Tinamuletsa koma analimbikira kuti apita." Apa mawuwa akhoza kutamanda kapena kudzudzula, zimatengera chimene munthuyo waumirira.

Tsono kupirira. Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri timasokoneza, ndipo kusokoneza kwake kumapweteka anthu. Chimene timapirira chimakhala chowawa nthawi zonse. Timapirira njala, matenda, umasiye, chipongwe. Amene anakhalako mumzinda wa Tete mu Okutobala, dzuwa likapyola madigiri 40, amadziwa kupirira kutentha. Yesani kuwalembera ana ziganizo ziwiri izi pabolodi: "Mwana uyu amalimbikira sukulu" ndi "Mwana uyu amapirira sukulu." Choyambacho chikunena za mwana amene amakonda maphunziro ndipo sajomba. Chachiwiricho chikutiuza kuti kusukuluko kuli chinachake chomuzunza, kaya ndi mtunda, kaya ndi njala, kaya ndi anzake omuvutitsa. Kholo likamva chiganizo chachiwirichi siliyenera kusangalala, liyenera kufunsa kuti kwagwanji.

Makolo athu ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, n'kukakhala ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza kudikira chakudya cholandira. Kumeneko anapirira. Nkhondo itatha mu 1992 anabwerera, anapeza minda itasanduka tchire, nyumba zitagwa, ndipo anatenga nkhwangwa ndi khasu n'kuyambiranso. Limenelo linali khama, ndipo zaka zotsatirazo analimbikira. Kupirira kunawasunga ndi moyo, koma nkhokwe sizinadzaze ndi kupirira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti masiku ano mawu akuti "pirirani" asanduka chotsekera anthu pakamwa. Wantchito amene sanalandire malipiro miyezi itatu akadandaula, amamuuza kuti apirire. Mayi amene akumenyedwa akapita kwa ankhoswe, ena amangomubweza ndi mawu akuti banja n'kupirira. Chichewa sichinatanthauze zimenezo. Timapirira zimene sitingathe kuzisintha, monga chilala kapena maliro. Pa zimene zingathe kukonzedwa, chilankhulo chathu chili ndi mawu ena: kudandaula, kukambirana, kuweruza mlandu. Mukamaphunzitsa ana kuti maziko a moyo wabwino ndi kupirira, onjezeranipo khama ndi kulimbikira, kuti asakule akuganiza kuti kukhala chete pamavuto ndiye ntchito.

Mwafunsanso m'munsi mwa kalata yanu ngati tilembe kupirira kapena kupilira. Lamulo limene mabuku ambiri amatsata ndi lakuti r amabwera pambuyo pa i ndi e, pomwe l amabwera pambuyo pa a, o ndi u. Choncho lembani kupirira. Maina a anthu okha, monga Pilirani ndi Chipiliro, asiyeni momwe eni ake amalembera.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Moatize. Akuti anapita kumeneko kukafuna ntchito kumigodi ya malasha, sanaipeze, ndiye pano amasenza katundu pamsika ndi kuumba njerwa. Funso lake: "Kodi mawu akuti ganyu ndi Chichewa chenicheni? Amalume anga amati ndi mawu achilendo ndipo ndi onyozeka."

Achimwene, amalume anuwo alondola mbali imodzi. Ganyu anachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti ganho, kutanthauza chimene munthu wapindula kapena wapata, ndipo kuno kwathu mudzamvanso anthu akunena kuti ganho-ganho. Koma mlendo ameneyu anakhazikika kalekale. Pochulukitsa amakhala maganyu, ndipo timati "kugwira ganyu", "waganyu", "aganyu". Ngati tingamuthamangitse chifukwa anabwera ndi Apwitikizi, ndiye tithamangitsenso nsapato, kalata, mbatata ndi kapitawo, amene anachokera ku capitão. Kunyozeka ndiye kulibe. Mawu amene anachokera ku phindu sangakhale chitonzo kwa munthu wodya thukuta lake.

Mawu amene ali ndi mbiri yowawa ndi ena. Kuthangata kunali kuthandizana, ndipo mpaka lero timati "ndithangateni" tikalemedwa. Koma m'minda ya atsamunda ku Nyasaland, amene lero ndi Malawi, thangata inasanduka ntchito yokakamiza imene anthu ankagwira polipira malo okhala, ndipo inali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu 1915. Kuno ku Mozambique tinali ndi chibalo, ntchito yokakamiza ya boma la Apwitikizi, imene lamulo linaithetsa papepala mu 1961. Munthu wa pachibalo ankakhetsa thukuta lambiri zedi, koma palibe Mchewa amene angatchule zimenezo kuti khama, chifukwa khama silikhala pamene pali chikoti. Dima ndiye nkhani ina: anthu amasonkhana kulima munda wa mnzawo, madzulo n'kumwa thobwa kapena mowa umene mwini munda wakonza, mawa n'kupita kwa wina.

Chenjezo limene alimi amapatsana pa ganyu si la mawu ayi, ndi la nyengo. Mu Januwale njala ikavuta, munthu amasiya munda wake uli ndi udzu n'kukapalira wa mnzake kuti apeze ufa wa tsikulo, ndiye chaka chamawa njala imamupezanso. Mwina ndi zimene amalume anu amaopa.

Yachitatu ndi yaifupi. Mayi wina wa ku Zóbuè, kumalire ndi Mwanza, watsegula kagolosale ndipo akufuna kulemba mwambi pakhoma. Akufunsa ngati alembe "Kanthu nkhama" kapena "Kanthu n'khama".

Mayi, kachizindikiro kakang'onoko musakaiwale. Mawu athunthu ndi akuti "kanthu ndi khama", ndipo tikamafupikitsa ndi timasiya n yekha n'kuika kachizindikiro kosonyeza kuti pachoka zilembo. Mukakachotsa mwalemba nkhama, zija zimagwira mano m'kamwazi. Mukamatchula mudzamva kusiyana kwake: pa n'khama lilime limaima pang'ono pa n, pomwe pa nkhama mawu amangotuluka limodzi.

Mwambiwo wonse umati "Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa." Phwiti ndi kambalame kochepetsetsa, njiwa ndi yaikulu kwa iye kangapo, koma anapitabe kukafunsira mbeta mpaka analoledwa. Ngati khoma lanu ndi lalitali, uzani wolembayo aulembe wonse, chifukwa ana ambiri amadziwa theka loyamba lokha. Ndipo mukhalepo pamene akulemba, penti isanaume, muone ngati kachizindikiro kaja wakaika pakati pa n ndi k.