Mapini a amalume aang'ono

Halo... yayamba kujambula? Eya, yayamba. Moni nonse pagulu pano. Ndili m'galimoto kuno ku Sandton, ku Joni, ndikudikira munthu, ndiye mukamva phokoso musadabwe.

Iwe msuweni, uthenga wako ndinauona. Wafunsa kuti satifiketi ya ukochi wa mabwana, ntchito yangayi yothandiza akuluakulu a makampani kuganiza bwino za ntchito yawo, amakaitenga kuti, ndipo imadya ndalama zingati. Mizere iwiri basi. Koma unautumiza 2 koloko usiku. Munthu wongofuna kudziwa fizi sadzuka 2 koloko usiku, mwamuna wanga. Eya, ndati mwamuna wanga, akazi ako asandikwiyire, chisuweni chinayamba iwo asanabwere.

Chimene ukufunsa iwe n'chakuti kodi ungathe. Kapena... ayi, ndinene bwinobwino. Ukuti, "Pantchito pandikwana, aliyense amati ndimalangiza bwino, kodi sindingamadyere pamenepo?" Ndanama? Usayankhe pagulu.

Za mapepala ndithane nazo msanga, chifukwa ndiye zophweka. Bungwe lodziwika kwambiri ndi International Coaching Federation, amangoti ICF, linayamba mu 1995 ku America. Sitepe yoyamba amaitcha ACC. Umaphunzira maola 60, kenako umakhala ndi anthu enieni maola 100, ndipo 75 mwa maolawo akhale okulipira. Kuwonjezera apo, maola 10 ndi kochi wamkulu amene amamvetsera mmene ukugwirira ntchito, kwa miyezi yosachepera itatu, ndiyeno mayeso. Sitepe yachiwiri, PCC, imafuna maola 500, yachitatu, MCC, 2,500, uko ngakhale ine ndimangoyang'anako chapatali. Kuno kulinso COMENSA, bungwe la makochi a ku South Africa, ndipo kumayunivesite a Wits ndi Stellenbosch amaphunzitsa mpaka digiri yachiwiri. Mitengo ndikutumizira kumbali. Basi, funso lako ndayankha, ukhoza kuzimitsa.

Sunazimitse, eti? Ndimakudziwa.

Paja agogo mpaka kutisiya ankadziwa kuti ine ndine kochi wa mpira. "Mdzukulu wanga ali ku Joni, amaphunzitsa timu." Ndikabwera ankandifunsa kuti bwanji osadzathandiza Manoma. Ndipo sankalakwitsa kwenikweni, chifukwa ntchitoyi inachokeradi kumasewera. Timothy Gallwey ankaphunzitsa tenesi ku America cha m'ma 1970, n'kuona kuti akachepetsa kulangiza, ophunzira ake ankamenya bwino mpira kuposa akamawalongolozera. John Whitmore, wa ku Britain, yemwe poyamba anali wa mipikisano ya galimoto, ndi amene anazitengera kumaofesi. Njira ija ya GROW uziimva paliponse ukayamba sukulu: ukufuna kufika pati, panopa uli pati, njira zilipo ziti, uchita chiyani. Mafunso anayi, mwana wa Folomu 2 akhoza kuloweza tsiku limodzi. Povuta si pamenepo.

Ukuwakumbuka amalume aang'ono? Kwa iwe ndi bambo aang'ono, koma ndisiye ndiwatchule mmene ndinkawatchulira. Iwe unali wamng'ono, mwina umangokumbuka masiwiti. Ine holide iliyonse ndinkakhala nawo pakhonde la golosale ija pa Balaka, iwo ali pa makina awo a Singer, ine ndikutola tizigamba tosokera chidole. Anthu onse pa Balaka ankati telala uja ndi wanzeru. Aphunzitsi, apolisi, ngakhale abusa, ankabwera ngati akudzachepetsa thalauzi koma akudzatula nkhani. Ukudziwa chinsinsi chake? Mapini. Ankakhala ndi mapini pakamwa tsiku lonse, anayi, asanu, m'mbali mwa milomo umu. Munthu wa mapini pakamwa angalankhule chiyani? "Mmm." Basi. "Mmm?" Ikakhala nkhani yaikulu, "Mmmmm."

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa chigayo, wamimba yake ndithu, kudzayezetsa suti ya ukwati wa mwana wake. Asanakweze n'komwe manja anayamba: anyamata a masiku ano ndi akuba, chaka chino chokha ndachotsa atatu. Amalume, "Mmm." Tepi m'chiuno. Bambo uja akupitiriza, akuti chabwino, wachiwiri uja sindinamugwire ndi kanthu, koma maso ake sanali bwino. "Mmm?" Choko paphewa. Akuti makiyi a chigayo ndimagona nawo pansi pa pilo, ngakhale akazi anga sindiwapatsa. Amalume akupinda mwendo wa thalauzi, osadzutsa n'komwe mutu. Kenako mawu a bamboyo anatsika, ine mpaka ndinasiya kutola zigamba. Akuti chigayo choyamba tinagula awiri ndi mng'ono wanga, mimba imodzi, ndinapita kumaliro sabata imodzi, pobwera ndinapeza wagulitsa injini.

Apo ndiye amalume anachotsa mapini. Onse ayi, awiri okha, a mbali imodzi. N'kufunsa kuti, "Ndiye anyamatawa akubweza ngongole ya ndani?"

Zii. Amalume anabwezera mapini aja pakamwa n'kupitiriza ntchito. Sanamuthandize, sanamufotokozere tanthauzo la funso, sanati pepani. Bambo uja anaima pamenepo manja ali m'mwamba ngati chiwopsezo cha mbalame kumunda, mwina mphindi yathunthu. Anachoka ataiwala chipewa.

Podzatenga suti anabwera ndi nkhuku. "Atelala, malangizo anu aja andithandiza kwabasi." Atapita, amalume ananditembenukira, akuti, "Iwe, kodi ine ndinamulangiza chiyani munthuyu?" Nkhuku tinadya.

Dikira, wina akufuna kutulutsa galimoto... ayi, wadutsa.

Tsono anthu akamakamba za amalume amathera pomwepa, pa nkhuku. Ine ndikufuna upite nane patsogolo pang'ono. Amalume omwewo anali ankhoswe a banja lija. Sinditchula, nonse mukudziwa, ndipo amene zikuwakhudza ali pagulu pano, pepani achimwene. Tsiku la kukambirana lija, pansi pa mtengo wa mango kwa agogo, kunalibe makina, kunalibe mapini. Analankhula kuyambira titangotha nsima ya masana mpaka nkhuku kulowa. Banja ndi kupirira. Kuthamanga si kufika. Ukachoka udzalira. Eni ake nkhani sanatsegule pakamwa, mlamu anangokhala akukumba pansi ndi kamtengo. Mmene zinathera mukudziwa.

Patapita zaka, akudwala kuja, anawauza amayi kuti, "Chemwali, tsiku lija ana aja sindinkawaona. Ndinkadziona ndekha ndi mayi a ku Ntcheu aja. Ndinkalankhula ndi ine wa kale." Amayi anandiuza zimenezi ndili kale kuno, ndipo ndinakhala pansi.

Munthu mmodzi yemweyo, msuweni. Makutu omwewo. Nkhani ya mlendo ankaimva mpaka pansi, koma itafika yofanana ndi bala lake, mapini onse anagwa, ndipo iye sanadziwe kuti agwa.

Ine ndinkadziona ngati ndine wa pakhonde uja, osati wa pansi pa mango. Mpaka kochi wamkulu uja anandiuza kuti ndijambule mawu pokambirana ndi munthu wanga mmodzi, mwini wake atavomera, timvere limodzi. Mayo ine. Ndinkamalizira anthu ziganizo. Munthu akangopuma kuti aganize, ine ndalowapo kale. Ndipo mafunso anga sanali mafunso, anali malangizo ovala chitenje. "Kodi simukuona kuti mukanayamba mwalankhula ndi gulu lanu?" Limenelo ndi funso? Ayi, ameneyo ndi ine ndikumuuza zochita, kungoikako "kodi" kutsogolo. Kwathu timati safunsa anadya phula, koma palinso wofunsa yankho ali nalo kale m'thumba, ameneyo amadyetsa phula anzake.

Koma chimene chinandichititsa manyazi kwambiri ndi china. Ndinali ndi bwana wina, dairekitala wa kampani ina ya malole, bambo wachikulire, imvi, magalasi pamphuno. Anthu ake ankamuopa, ndicho chifukwa chake kampani inandiitana. Tinakumana kasanu ndi kamodzi. Kasanu ndi kamodzi konseko sindinamufunse funso lolimba ngakhale limodzi. Iye akulankhula, ine ndikugwedeza mutu, kumwetulira, kulemba. Thupi lili pampando koma mtima utagwada pakhomo. Pantchito yathuyi timakhala ndi munthu amene timakamutulira ntchito yathu, amati supervision, osati woti akudzudzule koma woti akuthandize kuona zimene ukuchita. Mayi ameneyo anandifunsa kuti, "Pampando paja pamakhala ndani?" Ndinati dairekitala. Akuti, "Ayi, kwa iwe pamakhala ndani?"

Bambo ako, msuweni. Amalume aakulu. Ahedi. Amayang'ana pamwamba pa magalasi chimodzimodzi. Amalume, ngati mukumvera, ndagwada, sindikunena kuti munalakwa, munatilera bwino. Koma ine ndinali mayi wa zaka 40 wolipidwa ndi kampani kuti ndifunse zimene ena akuopa kufunsa, ndipo ndinkalowa mu ofesi muja ngati mwana wa Sitandade 5 wobwera ndi lipoti loipa. Ulemu umene tinaphunzira ndi wabwino, sindinautaye. Kungoti ndinayenera kudziwa nthawi imene ukundigwira pakamwa. Ulendo wotsatira ndinamufunsa kuti ndi liti pamene munthu wa pansi pake anamuuzapo kuti walakwitsa. Manja anga ankanjenjemera pansi pa tebulo. Anakhala chete nthawi yaitali, ine ndikuwerenga mapini m'mutu.

Kusukulu adzakujambulira zenera la Johari, la Joseph Luft ndi Harrington Ingham, la mu 1955. Lili ndi zigawo zinayi, koma chimene chimapweteka ndi chimodzi: zimene anzako amaona pa iwe koma iwe suziona. Nkhongo yako. Aliyense pagulu pano amaidziwa nkhongo yako kupatula iwe.

Ndiye ndikuuzeko, poti ndine mkazi wako wa chisuweni ndipo sungandithamangitse. Iwe ndiwe wokonza zinthu. Maliro, ndiwe tcheyamani. Ukwati, ndiwe tcheyamani. Nkhani ya malo a agogo ija, tonse tisanamalize kulira iwe unali utalemba kale ndondomeko. Timakuthokoza, zoona, popanda iwe bwenzi tikukanganabe. Koma sutha kuona munthu akuvutika ndi funso osamulanda. Pakakhala chete masekondi asanu umayamba kuyabwidwa. Mphatso imene anthu amakuyamikira nayo, ya kulangiza, ndi imene idzakuvutitse kwambiri. Mlangizi amabwera ndi yankho. Kochi amakhulupirira kuti munthu amene wayendetsa kampani zaka 20 yankho ali nalo, kungoti palibe amene amamupatsa mpata woti adzimve akuganiza.

Ndipo pali china... kaya ndinene pagulu? Ndinena pang'ono. Bwana wako uja. Zimene anakuchita pa nkhani ya udindo uja zinatipweteka tonse. Koma ukalowa ntchitoyi bala limenelo lisanapole, bwana aliyense amene adzakhale patsogolo pako adzavala nkhope yake. Udzakhala ukumuzenga mlandu munthu wosalakwa, uku ukuganiza kuti ukumuthandiza. Udzakhala amalume pansi pa mango.

Ndiye chimene ndikunena ine n'chakuti, usanaphunzire kufunsa mabwana mafunso, dziwa nkhani zimene zimagwetsa mapini ako. Kumvetsera adzakuphunzitsa, maola 60 aja ndi a zimenezo. Koma nthawi imene iwe umasiya kumvetsera, ndi chifukwa chake, palibe satifiketi imene idzakuuze.

Ntchito usasiye kaye. Peza kochi wako iwe mwini, ukhale mbali inayo ya tebulo, umve mmene zimakhalira munthu akakufunsa n'kukhala chete. Funsa anthu asanu amene sakuopa kuti umatani ukapanikizika, akazi ako akhale woyamba, ndipo akamayankha usadziteteze, ungolemba. Ndiponso iwe wazolowera ku HR, ofesi yoona za antchito, kuti zimene wamva umakapereka kumwamba. Pa ukochi kampani ndi imene imalipira, koma zimene bwana wanena m'chipinda muja ndi zake. Mumagwirizana poyamba, atatu nonse, zimene zidzatuluke ndi zimene sizidzatuluka. Ukalephera pamenepo kamodzi kokha, palibe adzakuuzenso zoona.

Ndabwerezanso, ndikudziwa, ndi ukalamba. Koma ndikufuna ulimve: vuto si loti sudziwa zokwanira. Umadziwa zambiri, mwinanso kuposa ine. Chimene sunachidziwe ndi munthu amene amalowa nawe m'chipinda, wokonza zinthu uja, wokwiya uja. Umudziwe kaye ameneyo, apo ayi azidzalankhula iye, iwe n'kumalandira ndalama.

Kaya ungathe? Ndikuganiza kuti ungathe. Ukanakhala wosatheka sindikanawononga bandulo yanga.

Eya, munthu wanga uja wafika, ndikumuona pa geti. Tichite chonchi. Lamlungu mukatuluka m'tchalitchi ndikuimbira. Ndili ndi nkhani yanga yeniyeni imene ikundisowetsa tulo, ndikufotokozera kwa mphindi 20. Iwe ntchito yako ndi "mmm" basi, ndi funso limodzi kumapeto, limodzi lokha, lopanda yankho m'thumba. Ukandilangiza ndidula foni. Mlamu, inu mukhale pafupi ndi wotchi, ndipo ngati muli ndi mapini m'nyumbamo mumubwereke.