Altura, altitud ndi estatura: yankho kwa achemwali opita ku Bolivia

Achemwali ena andilembera imelo. Akuphunzira Chisipanishi pokonzekera ulendo wokagwira ntchito ku Bolivia, ndipo akufunsa kusiyana kwa altura, altitud ndi estatura, poti onsewa akumveka ngati akunena za kutalika.

Achemwali, kusokonezeka kwanu nkomveka. Ife timati munthu wamtali, msewu wautali, mudzi wakutali, tsinde la mawu limodzi lomwelo. Chisipanishi chimalekanitsa. Choima chilili, monga munthu kapena mtengo, ndi alto. Msewu, chingwe ndi tsitsi ndi largo, pomwe mudzi wakutali uli lejos.

Estatura ndi kutalika kwa munthu basi, ndipo mudzawaona kwambiri pa mapepala a kuchipatala. Pocheza anthu amangofunsa kuti ¿Cuánto mides? Inu nkuyankha kuti Mido uno sesenta, ndiye kuti mita imodzi ndi masentimita 60.

Nkhani yagona pa awiri otsalawa. Altura ndi muyeso wochokera pansi pa chinthu kufika pamwamba pake, kaya ndi khoma kaya nsanja. Altitud muyeso wake umayambira pamwamba pa madzi a nyanja yamchere, nchifukwa chake amatsagana ndi mawu akuti sobre el nivel del mar. Aconcagua, phiri lalitali kuposa onse ku South America, lili pa mamita 6,961. Umo ndi mmene mabuku amaphunzitsira. Koma pakamwa pa anthu altura ndiye amalamulira, ndipo ine ndikanati yambani mwagwira ameneyu. Munthu wa mumzinda wa La Paz ku Bolivia akamati la altura, sakunena khoma ayi. Akunena za kukhala pa mamita oposa 3,600, kumene munthu akapuma mpweya sumukwanira ngati kuchigwa. Ganizirani kuti nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ili pa mamita 3,002, koma ku La Paz kuli misika, masukulu ndi maminibasi pamwamba kuposa pamenepo. Mzinda woyandikana nawo, umene kuli bwalo la ndege, uli pa mamita oposa 4,000 ndipo dzina lake lenilenilo ndi El Alto.

Okonda mpira amawadziwa mawu akuti la altura. Mu 2007 bungwe la FIFA linaletsa masewero a pakati pa mayiko m'mabwalo opitirira mamita 2,500, anthu a ku Bolivia nkukwiya kwambiri, ndipo chiletsocho chinaimitsidwa mu 2008. Chaka chotsatira Argentina ya Maradona inakwapulidwa 6-1 ku La Paz komweko.

Chonde musanyamuke musanaloweze mal de altura, matenda obwera munthu akafika pamalo okwera kwambiri, amene anthu a kumapiri a Andes amati soroche. Mutu umawawa, mseru umabwera, tulo timasowa. Masiku oyamba yendani pang'onopang'ono, imwani madzi okwanira, musadye mokhutitsa. Kupuma kukamavuta ngakhale mutangokhala pansi, musadikire kuti kuche. Uzani amene muli nawo kuti Me falta el aire, mpweya ukundiperewera, akuthamangitsireni kwa dokotala.