Kodi cello ingamudyetse mwanayu?

Achemwali, uthenga wanu ndaumva. Mukuti mtsikana wathuyu wakwanitsa zaka 14, wakhoza giredi 5 ya mayeso oimba cello, chida cha nsambo zinayi chonga vayolini yaikulu, ndipo wanenetsa kuti akufuna imeneyi ikhale ntchito yake, ndiye inu mukufunsa ngati munthu angadyerepo. Ndangoti ndijambule mawu, kulemba kukanatalika.

Kudyerapo angadyerepo, koma osati mmene iyeyo akuganizira. Iye akulota zokhala ngati Yo-Yo Ma, katswiri wotchuka wa cello, ali yekha kutsogolo, holo yonse ikuomba m'manja. Anthu otere ndi owerengeka padziko lonse. Ambiri amene amakhalira cello amaphatikiza: kuphunzitsa, kuimba mu orchestra (gulu lalikulu la oimba zida zosiyanasiyana), kuimba m'timagulu ta anthu atatu kapena anayi, nthawi zina kukajambulitsa ku studio. Ndipo pa zonsezi, ndalama yodalirika mwezi ndi mwezi imachokera ku uphunzitsi. Ndiye akonzekere ziwiri zonse kuyambira pano, kuimba ndi kuphunzitsa. Asamaone uphunzitsi ngati kothawira zinthu zikavuta.

Tiyambe ndi mayeso. Ngati akulemba a ABRSM, bungwe la mayeso a nyimbo la ku Britain, sangalembe giredi 6 asanakhoze giredi 5 ya theory (mayeso olemba a malamulo ndi kalembedwe ka nyimbo), kapena mayeso ena ofanana nayo amene iwo amavomereza. Ambiri amadzidzimukira pamenepa, chaka n'kutayika. A Trinity College London lamulo limeneli alibe, komabe theory ndi yofunika basi. Cholinga chikhale chakuti giredi 8 aimalize pofika zaka 17 kapena 18. Koma mumuuze kuti satifiketi ya giredi 8 payokha silowetsa munthu ku koleji ya nyimbo. Kumeneko amakukhazika pampando, uimbe iwo akumva, ndipo chimene amva tsiku limenelo ndi chimene chimagamula. Aphunzireko piyano pang'ono, idzamuthandiza pa theory komanso poperekeza ana ake a sukulu m'tsogolo.

Pa msinkhu wafikawu zinthu zimasintha. Mpaka pano wakhala akuwerenga kwambiri bass clef, kalembedwe ka manotsi a mawu otsika. Tsopano kukubwera tenor clef, kenako treble clef, za manotsi okwera, komanso kaimbidwe kokwera kumtunda kumene chala chachikulu chimachoka kumbuyo kwa khosi la cello n'kudzagona pa nsambo. Poyamba chala chimenecho chimawawa mpaka khungu litakhwima, zimenezo musadandaule nazo.

Nkhani yaikulu ndi kayesereredwe ka tsiku ndi tsiku. Panopa ola limodzi ndi theka likukwana, koma akamayandikira koleji adzafunika maola atatu kapena anayi. Asamachite mokoka kamodzi, azigawa mphindi 40 kapena 45, n'kupuma, kuimirira, kuongola msana. Ayambe ndi nsambo zopanda chala, C, G, D ndi A, kukoka uta pang'onopang'ono kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, mphindi 10, akudziyang'ana pagalasi kuti uta ukuyenda mowongoka pakati pa bridge (kathabwa koimirira konyamula nsambo) ndi thabwa la zala. Kenako masikelo, kuimba manotsi motsatizana kukwera ndi kutsika. Cello ilibe tizitsulo tosonyeza poika chala ngati gitala, khutu lokha ndi limene limauza dzanja. Ndiye aziika liwu limodzi lolira mosalekeza pafoni, mwachitsanzo D, iye n'kumaimba sikelo ya D pamwamba pake. Chala chikaphonya pang'ono, amva mawu awiriwo akulimbana. Akatero alowe mu ma étude, tinyimbo toyesererapo luso, olembedwa ndi Dotzauer poyamba, 40 olembedwa ndi Popper adzabwera pambuyo. Nyimbo yeniyeni ikhale kumapeto, ndipo asamangoiyamba pachiyambi tsiku lililonse. Apeze mizere iwiri imene ikumuvuta, aiimbe pa theka la liwiro ndi metronome, kachipangizo kogunda kosunga liwiro, azikweza pang'onopang'ono. Inuyo mukamamva nyimbo yokoma yokhayokha kuchokera kuchipinda kwake, dziwani kuti akubwereza zimene amazitha kale.

Chinanso muzimuyang'anitsitsa thupi. Zolakwika ziwiri zimaononga ana ambiri: kufinya khosi la cello ndi chala chachikulu chakumanzere, ndi kukweza phewa lakumanja pokoka uta. Mphamvu iyenera kuchokera ku kulemera kwa mkono, osati kukanikiza. Akamafinya, mawu amatuluka otsamwa, dzanja limachedwa posuntha, ndipo pakapita zaka mitsempha ya pamkono imatupa. Kutopa ndi kwabwinobwino, koma ululu wobaya kapena dzanzi m'zala, asiye pomwepo, auze aphunzitsi, zikapitirira akaonane ndi dokotala.

Ku koleji digiri yoyamba imatenga zaka zitatu kapena zinayi kutengera dziko, ndipo ambiri amawonjezera masters chaka chimodzi kapena ziwiri. Posankha, ayang'ane mphunzitsi kuposa dzina la sukulu, chifukwa ndi munthu mmodzi ameneyo amene adzakhale naye m'chipinda sabata iliyonse zaka zonsezo. Ndi zololedwa kupempha phunziro limodzi loyesera asanalembetse.

Za orchestra, ee, ntchito yake ndi yabwino koma khomo lake ndi lopapatiza. Orchestra yaikulu imakhala ndi oimba cello pakati pa 8 ndi 12, ndipo mpando umapezeka wina akapuma pantchito kapena akachoka. Malo ambiri gawo loyamba la audition, mayeso oimba pofunsira malo, umaimbira kuseri kwa katani, oweruza sakuona, ndipo umapatsidwa mphindi zochepa chabe. Kawirikawiri amafuna chiyambi cha concerto (nyimbo ya woimba mmodzi woperekezedwa ndi orchestra) ya Haydn, china cha concerto yaikulu ngati ya Dvořák, ndi tizidutswa ta orchestra, monga gawo lachiwiri la symphony yachisanu ya Beethoven kapena Don Juan ya Richard Strauss. Safuna zodzionetsera, amamvetsera ngati kugunda kwa nyimbo sikukugwedezeka, ngati manotsi ali pamalo ake, ndiponso ngati mawu ako angalowane ndi a anzako. Ukapambana, pamakhalanso nthawi yokuyesa usanakhazikike. N'chifukwa chake aziimba ndi anzake kuyambira pano, mu orchestra ya achinyamata kapena kagulu kalikonse. Woimba yekhayekha m'chipinda saphunzira kumvera ena.

Tsopano uphunzitsi. Kudziwa kuimba ndi kwina, kudziwa kuphunzitsa ndi kwina. Tayerekezani mwana wa zaka 6 wabwera tsiku loyamba. Mphunzitsi ayenera kusankha cello ya saizi yake, kaya 1/8 kaya 1/4, ndi mpando woti mapazi onse aponde pansi bwinobwino. Akoke kachitsulo kapansi kamene cello imaimirapo mpaka thupi la cello litsamire pachifuwa, chokungira nsambo ya C chikhale pafupi ndi khutu lakumanzere, mawondo agwire m'mbali mosafinya. Masabata oyamba mwana amangodokola nsambo ndi chala, uta umabwera pambuyo, ndipo phunziro lisapitirire mphindi 30. Mphunzitsi akathamangira nyimbo asanakonze kakhalidwe ndi kagwiridwe ka uta, mwanayo adzavutika zaka zambiri kuchotsa chizolowezicho. Ndiye mwana wathuyu akafika zaka 16 kapena 17, apemphe kwa aphunzitsi ake kuti azikhala nawo pamene akuphunzitsa ang'onoang'ono, azithandiza kuchuna ma cello, aziona mmene amakonzera dzanja la mwana. Ku koleji atengeko maphunziro a kaphunzitsidwe, pali njira ya Suzuki ndi zina, ndipo ngati akufuna ntchito ya pasukulu, malo ambiri amafunanso pepala la uphunzitsi pambali pa la nyimbo. Wophunzitsa payekha amafunika pangano lolembedwa ndi makolo: kulipira teremu isanayambe, ndi kudziwitsa pasadakhale mwana akalephera kubwera. Popanda zimenezo amagwira ntchito yaulere, makamaka poti nthawi ya tchuthi ana amabalalika.

Za chida chenichenicho, musathamangire kugula yodula. Ngati akadali pa saizi ya 3/4, dikirani aphunzitsi anene kuti dzanja lakwana 4/4, saizi ya akuluakulu, ndipo kubwereka kuli bwino mpaka atakhazikika. Akamagula, aphunzitsi akhalepo, ndipo uta ausankhe mosamala ngati cello yomwe. Kunyumba mudziwe izi: bridge ija sinamatidwe ndi guluu, imagwidwa ndi kukungika kwa nsambo basi, ndipo m'kati muli kamtengo koimirira, sound post, nakonso sikomata. Mukamasula nsambo zonse zinayi nthawi imodzi kangathe kugwa, ndiye mpaka kwa mmisiri. Nsambo azisintha imodziimodzi. Akamaliza kuimba amasule ubweya wa uta, apo ayi ndodo imataya kupindika kwake, ndipo apukute fumbi la rosin, utomoni wopaka pa ubweya wa uta, ndi kansalu kouma. Asaisiye m'galimoto yotseka padzuwa kapena pafupi ndi moto, thabwa limang'aluka. Chinyezi chabwino ndi cha pakati pa 40 ndi 60 peresenti. O, ndipo akadzayamba kuyenda pandege, cello imagulidwira mpando wakewake, zimenezo muziwerengeretu.

Sabata ino kakumaneni ndi aphunzitsi ake, iyeyo asakhalepo, muwafunse mosabisa: theory ayamba liti, giredi 8 angafike chaka chiti, komanso ngati iwowo angamufikitse pa audition ya koleji kapena pafunika kumupereka kwa mphunzitsi wina. Akakuyankhani mundiuze, komanso mumujambule kavidiyo akuimba sikelo, kamera ikhale kutsogolo kuti manja onse awiri azioneka, munditumizire.