Chifukwa chake kwacha yafooka pamaso pa metikali

Achimwene, mwafunsa chifukwa chomwe osintha ndalama pa Zóbue, pamalire a Mozambique ndi Malawi, akukupatsirani makwacha ambiri pa metikali imodzi kuposa kale. Nkhani yagona pa madola. Anzathu a ku Malawi amadalira kwambiri fodya, pomwe mafuta agalimoto ndi feteleza amagula kunja, ndiye madola akasowa kwacha imagwa. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lawo inaichepetsa mphamvu ndi 44 peresenti.

Kwathu kuno ku Mozambique malasha a ku Moatize ndi magetsi a ku Cahora Bassa amalowetsa ndalama zakunja, ndipo kuyambira 2021 dola yakhazikika pafupifupi pa mametikali 64. Komabe tisadzigugude pamtima. Mu 2016 ngongole zobisika za boma lathu zitaululika, bungwe lobwereketsa ndalama ku mayiko la IMF linaimitsa thandizo, metikali n'kugwa. Pamsika wa Ulongwe amayi anga anasiya kugula botolo la mafuta ophikira, ankangogula oyeza pang'onopang'ono.